Voti imodzi ya apongozi anga

Anzanga, mukamaseka mkulu uja wofuna upulezidenti wa dziko, amene pamisonkhano yake pamabwera anthu osadzaza ngakhale minibasi koma iye akuumirirabe kuti sachoka pampikisano, ine mundikhululukire, sindiseka nawo. Kale ndinkaseka kuposa nonsenu, ndinkati kodi munthu ameneyu alibe mkazi woti amuuze zoona? Lero ndikamuona pa TV ndimangoweramitsa mutu, chifukwa matenda akewo ndinadwalapo ndipo anandichiza pagulu.

Nditapuma ntchito ya ukalaliki ku Lusaka ndinakakhala kwawo kwa mkazi wanga, amake Tisa, ku Palabana. Ndinagula ng'ombe ziwiri n'kulowa kopaletivu ya alimi a mkaka, momwe apongozi anga aakazi analinso membala ndi kang'ombe kawo kamodzi. Apongoziwo timaopana monga mwa mwambo: sitidyera pamodzi, sitiyandikana, tikakumana panjira wina amapatukira kutchire. Pasanathe chaka ndinamva kuti kukhala chisankho cha pulezidenti wa kopaletivuyo. Dzina lokhalo, pulezidenti! Ndinati ndingoyesako, chingalakwike n'chiyani? Wopikisana nane anali ba Shawa, munthu woti anayamba kukama ng'ombe ine ndisanadziwe kumanga tayi.

Kampeni ndinayambira pamalo osonkhanitsira mkaka, m'mawa, nditavala suti. Anthu anali pamzere ndi zigubu zawo panjinga, ine n'kuima pakhomo penipeni kuyamba kuwerenga mfundo zanga khumi ndi ziwiri. Anthu aulemu aja sanandidule. Dzuwa linakwera ine ndikadali pa mfundo yachisanu, ndipo mmene ndinkamaliza, mkaka wa anthu angapo unali utasasa moti unakanidwa. Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kanthu? Ndinafika kunyumba ndikudzitama kuti anthu andimvetsera mpaka pamapeto, palibe amene anachokapo. Akanachoka bwanji ine nditatseka khomo?

Kenako kunamveka manong'onong'o oti sindidziwa kukama, amandikamira ndi mkazi wanga. Zinali zoona, n'chifukwa chake zinandipweteka. Ndinaitana anthu kuti adzaone okha. Ndinakhala kumbali imene ng'ombe yanga sinazolowere, miyendo osaimanga, manja akununkhira pefyumu. Kaphazi kamodzi kokha basi, chidebe uko, ine uko, suti yonse ndowe zokhazokha! Amene anandidzutsa anandisasa kumsana n'kunena kuti, “Musadandaule ba Tembo, tili pamozi.”

Mawu amenewo ndi amene anandiononga. Aliyense amene ndinkakumana naye ankati tili pamozi, ine n'kumamulemba m'kabuku ngati wondivotera. Ngakhale ba Shawa eni ake anandiuzapo tili pamozi, ndipo pang'ono ndikanawalemba.

Kutatsala sabata, akuluakulu awiri a kopaletivu anabwera kunyumba, nakhala pansi mwaulemu.

“Ba Tembo, chokani chabe mumpikisano,” anatero mmodzi. “Tizakupasani ukomiti, muzilemba maminiti. Kulemba muziba.”

“Nichoke?” ndinatero. “Bantu bali na ine.”

Atapita, mkazi wanga anandifunsa: “Bantu bati, bashi Tisa? Nitchulileniko umozi chabe.”

Ndikuuzeni zoona, mumtima ndinkadziwa kuti zanga zada. Koma dzina pa WhatsApp ndinali nditasintha kale, anzanga a ku ofesi ku Lusaka ankandiimbira foni n'kumati ba pulezidenti, kutchalitchi anali atandipempherera. Ndinkaona kuti kuchoka n'kuvomera ndi pakamwa panga kuti anthu sandifuna, pamene nditaluza ndikanatha kunena kuti andibera. Ndinkaopa manyazi aang'ono, choncho ndinapita kukafuna aakulu.

Kwathu kukopaletivu sitivota ndi mapepala. Opikisana amaima kuyang'ana kukhoma, osacheuka, ndipo mamembala amafola kumbuyo kwa amene akumufuna. Wopikisana sawerengedwa. Mkazi wanganso sakanavota, chifukwa khadi la nyumba yathu lili m'dzina langa. Woyendetsa chisankho anali mayi wachitsikana, mlangizi wa zaulimi wochokera kutauni.

Ndinaima, mphuno kukhoma. Kumbuyo kwanga ndinamva mapazi ambirimbiri, anthu akukankhana, ena akutsokomola. Mapewa anakwera okha, ndinayamba ngakhale kukonza mawu othokoza. Sindinkadziwa kuti unali mzere wa ba Shawa, unatalika mpaka kukhotera kumbali kwanga.

“Cheukani!” anatero mayi uja.

Mayo ine! Kumbuyo kwanga kunali fumbi lokha. Chapatali ndithu, mapazi ngati khumi, panaima apongozi anga ndi ndodo yawo padzuwa, atayang'ana kumbali, chitenje ataphimba nacho theka la nkhope.

Mayi wa zaulimi anawerenga mzere wa ba Shawa mpaka kutopa, kenako anabwera kwa ine. “Ba Tembo, ziro.”

“Iyayi!” anakuwa apongozi. “Ine nili pamzere wa bapongozi banga!”

“Amama, ngati ni conco, sendelani pafupi nikubelengeni.”

“Nisendele bwanji? Imwe munaonapo muntu aimilila kumsana kwa bapongozi bake? Nenze kuyembekeza muntu aimilile pakati, koma kulibe wabwela.”

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, mpaka lero kumandilira m'makutu. Ndiye panayamba mkangano. Ena akuti patali pamenepo si pamzere, ena akuti mwambo ndi mwambo voti iwerengedwe, abambo awiri anayamba kuyeza mtundawo ndi mapazi, kuchokera pa ine kukafika pa apongozi, n'kubwereranso chifukwa sanagwirizane. Ine ndili chiimire, thukuta kamukamu, ndikupemphera kuti angolemba ziro yomweyo tizipita. Ziro ikanatha msanga. Koma apongoziwo, gogo wa mwendo wopweteka, anali atayenda kuchokera kumudzi chifukwa cha ine, ndipo anakana kukhala pansi.

Pamapeto pake ba Shawa anachoka kutsogolo kwa mzere wawo wautaliwo, nabwera kudzaima kumbuyo kwanga. “Ine sibanibelenga,” anatero. “Naimilila pakati. Bwelani amama.”

Apongozi anasendera pang'onopang'ono n'kuima kumbuyo kwa ba Shawa. Mayi wa zaulimi anawagwira paphewa. “Imozi.” Azimayi anaimba nthungululu ngati ndapambana, ine ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowemo. Mzere wanga wonse unali wa anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo anali munthu amene wangondigonjetsa kumene.

Tili panjira yobwerera, apongozi anaitana mwana wawo pambali, ine ndikuyenda patsogolo ndi njinga. Uthenga unandipeza kudzera mwa mkazi wanga: “Bakamba ati benze kuziba kuti muzaluza, na beve bafuna ba Shawa. Koma sibangalekelele atate ba bazukulu babo baimilile beka monga mtengo wamalaiti.”

Pamenepo ndiye manyazi enieni anandigwira, anzanga. Voti yanga imodzi ija sinali yanga n'komwe, anachita kundibwereka.

Lero ndimadzuka m'mawa kukaphunzira kukama, mwendo wa ng'ombe nditamanga, ndipo pamalo a mkaka ndimapereka moni wokha. Zoimanso pachisankho ndinalumbira, ngakhale cha komiti ya maliro. Mukadzamva kuti mtima wandinyenganso, mudzandifunse kaye ngati ndapeza anthu awiri: wondivotera, ndi woima pakati.