Mmene Ndinakonzera Timu ya Fatsani

Mukadzamva anthu a kwa Nsaru akunena kuti ine ndinachotsetsa ntchito mwana wa mlongo wanga, musafulumire kugwedeza mutu. Nkhaniyo ndi yoona, koma iwowo amaiyambira pakati. Ndiye ndati ndiilembe ndekha ndi Sitandade 3 yanga ya kumishoni. Pamene cholembera chaterereka mundikhululukire, dzanjali linazolowera chingwe cha ng'ombe.

Ine ndine munthu wa mawu aakulu, sindibisa. Ndikaitana ng'ombe zanga kudambo, za mudzi winawo zimatembenukanso. Zaka makumi anayi ndinagwira ntchito pa esiteti ya fodya yophunzitsa ng'ombe goli, ndipo palibe ng'ombe inandikanika. Musaiwale zimenezi, chifukwa kutsogoloku mudzafuna kundiyesa chitsiru.

Fatsani ndi mwana wa mlongo wanga Nambewe. Anatalika ngati mlongoti, sukulu inamukonda, ndipo ku Lilongwe anakadziwa mpira wa basiketibolo. (Amene simuudziwa, ndi ntchemberembaye ya amuna, kungoti mpirawo amaunjanjitsa pansi akamathamanga, ndipo amasewera asanu asanu.) Kampani ina ya m'tauni yogulitsa matayala, dzina sinditchula, ili ndi timu yake ndipo anyamata amalandira pamwezi ngati aphunzitsi. Kulandira chifukwa choponya mpira m'dengu lobooka kunsi! Koma ndilo dziko la lero. Kampaniyo inamulemba Fatsani kukhala kochi, ndipo ife tonse kuno tinayenda mapewa ali m'mwamba.

Chaka chatha timuyo inayamba kugonja ngati yolodzedwa. Loweruka lililonse kukwapulidwa. Bwana wa kampani anamuitana Fatsani n'kumuuza kuti kwatsala masewera awiri, ndipo akapanda kupambana onse awiri timu itsika kupita kwa ana, iye azikalongedza. Pamenepo n'kuti mnyamatayo atapeza mbeta ku Njewa, chinkhoswe chitakonzedwa kuti chichitike tikakolola, nkhoswe yake ine amene, mwini mbumba.

Nambewe anabwera pakhomo panga m'mawa, chitenje chili m'mutu.

"Alongo, mwana wanu akutha. Pafoni mawu ake akumveka ngati wodwala. Pitani mukangomulimbitsa mtima."

Mawu akuti "mukangomulimbitsa mtima" ndinawamva bwinobwino, koma ndinawasiya pakhonde pomwepo. Ndinatenga chikwama, chipewa, ndodo ndi chingwe changa cha khonje (mwamuna sayenda wopanda chingwe), n'kukakwera minibasi.

Ndinapeza Fatsani ndi timu yake ali pokonzekera. Fatsani anali ndi kabolodi m'manja, akujambulapo mivi yopita uku ndi uku. Ine ndinakhala pambali n'kumangoyang'ana, monga ndinkachitira ng'ombe zatsopano zikafika pa esiteti. Sipanathe ola ndisanaone matenda. Panali anyamata awiri. Wina Zondiwe, wa ku Rumphi, wamtali woti angathyole papaya atakhala pansi. Wina Lameki, wamfupi, waliwiro ngati gwape. Lameki akagwira mpira, Zondiwe ali yekhayekha pansi pa dengu manja ali m'mwamba, Lameki ankayang'ana kumbali ngati sanamuone. Zondiwe naye akaugwira, bola kuutaya panja kusiyana n'kumupatsa mnzakeyo. Nditafunsa anandiuza kuti sanalankhulane kuyambira pamene ukaputeni unachoka kwa uyu n'kupita kwa uyo.

"Mwanawe," ndinatero kwa Fatsani, "matenda ali apawa si a kabolodi. Tandibwereka anyamata awiriwo."

Pa esiteti ndinali ndi ng'ombe ziwiri, Bantomu ndi Koloboyi, zimene zinkabayana tsiku lililonse. Ndinaziika m'goli limodzi masiku atatu, kudya pamodzi, kumwa pamodzi. Zitatuluka mmenemo zinkanyambitana makutu. Ndiye ndinatulutsa khonje lija n'kuwamanga anyamata awiriwo m'chiuno, ndikusiya kampata ka mkono umodzi, n'kuwapatsa mpira umodzi kuti azungulire bwalo kakhumi.

"Madala, ife si ng'ombe," anatero Lameki.

"Ndikudziwa. Ng'ombe imamva msanga. Tiye!"

Wamtali akaponda kamodzi, wamfupi aponde katatu. Anagwa pa ulendo woyamba, anatukwanana pa wachiwiri, wina m'Chitumbuka wina m'Chichewa. Anzawo ali gone ndi phwete. Pofika pa wachisanu ndi chiwiri eni akewo anali akuseka, akuwerengerana mapazi kuti asagwenso. Loweruka lake timu inapambana, Lameki akumuponyera Zondiwe ngati ana a mimba imodzi.

Gawo limeneli a kwa Nsaru salinena. Amayambira pa lotsatirali.

Nditabwerera kumudzi, Fatsani anandiimbira foni akuseka, koyamba pa miyezi ingapo. Anati anyamata akufuna "madala a chingwe" akakhale nawo pabenchi pa masewera omaliza, ndipo dzina langa alilemba kale papepala ngati mlangizi. Abale, sabata imeneyo sindinaponde pansi. Ndinauza a pamsika, a pachigayo, ndi akuluampingo titatuluka m'tchalitchi. Ndinatulutsa jekete langa la maukwati n'kuliyanika. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mwambiwo ndinkauyesa wa anthu ena.

Tsiku lija linali Loweruka masana, anthu atadzaza thothotho. Bwana wa kampani anakhala kutsogolo, mimba pamaondo, magalasi akuda kumaso. Mpirawu amausewera zigawo zinayi, ndipo pofika m'chigawo chachitatu ife tinali patsogolo ndi mapointi asanu ndi awiri. Zondiwe anali atapsa. Akaugwira, walowa. Akaugwira, walowa. Ine pabenchi mawu anga anali pamwamba pa ng'oma za ochemerera.

Kenaka wezulo inalira, mayi wina wa patebulo n'kukweza kachikwangwani kolembedwa 4. Ndinangoona Fatsani akukodola Zondiwe kuti atuluke, akudzutsa kamnyamata kena kowonda kuti kalowe m'malo mwake.

"Fatsani! Ukutani?"

Anawerama n'kundinong'oneza. "Amalume, ali ndi mafaulo anayi. Akangolakwa kachisanu atuluka osabwereranso. Ndikumusungira chigawo chomaliza."

Taonani, sindinganame kuti sanandifotokozere. Anandifotokozera, ndipo ndinamva. Koma m'mutu mwanga munali munda. Ng'ombe ikagwira mzere bwino suimasula pakati pa munda. Ukaimasula thukuta limazizira, miyendo imauma, ukaibwezeretsa ikoka mwaulesi. Zaka makumi anayi! Ndiye kamwana kamene ndinakanyamula panjinga kupita nako kuchipatala cha Kabudula kali ndi malungo kazindiuza za kusunga ng'ombe?

"Amenewo ndi mantha," ndinatero, ndipo sindinanong'one. "Ng'ombe yokoka bwino siimasulidwa pakati pa mzere. Mubweze!"

"Amalume, chonde, khalani pansi. Anthu akuona."

Mawu akuti "khalani pansi" ndi amene anandiyabwa. Pamaso pa anyamata amene ankanditcha madala a chingwe, pamaso pa bwana wa magalasi. Ndinamenya ndodo pansi.

"Ine ndine ndani kwa iwe? Ukandinyoza pano, kwa anthu a ku Njewa ukapite wekha. Ukadzipezere nkhoswe ina!"

Mawu amenewo ndikanatha kuwameza lero ndikanawameza ndi ndodo yomwe. Fatsani anayang'ana pansi, monga mwana woleredwa bwino amachitira.

"Chabwino, amalume."

Zondiwe anabwerera m'bwalo.

Anyamata a timu inayo sanali opusa. Anaona kachikwangwani kaja nawonso. Sipanathe mphindi, kamodzi mwa iwo kanathamangira m'khwapa mwa Zondiwe n'kudzigwetsa chagada ngati thumba la mtedza, kakukuwa ngati kathyoka msana. Wezulo. Mayi wa patebulo anakweza 5. Zondiwe anadutsa pamaso panga osandiyang'ana, n'kukakhala kumapeto kwa benchi thaulo lili kumutu.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Ine ndinalowa m'bwalo ndi ndodo.

"Iwe wa wezulo! Uli ndi maso kapena mabatani? Wagwa yekha ameneyu!"

Woyimbirayo, mwana wamng'ono kwa Fatsani, anangoimika dzanja limodzi n'kugoneka linalo pamwamba pake, kupanga chilembo T. (Chilembo chimenechi ndimachidziwa, tinaphunzira Sitandade 1. Chimene sindinkadziwa n'chakuti m'mpirawu chimatanthauza chilango cha mwano, ndipo adani amapatsidwa mpira woponya mwaulere popanda wowatchinga.) Fatsani anandikokera pabenchi. Anaponya, unalowa.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi ili pointi imodzi. Koma woyimbira uja podutsa pafupi ndi benchi anandiyang'ana m'njira imene sindinaikonde. Ndinadzuka, ndinamufunsa kuti ndi mwana wa yani, ndipo poti sanayankhe ndinagwira kachingwe ka wezulo yake kuti atembenuke polankhula ndi wamkulu. T wachiwiri. Anaponya, unalowa.

Alonda awiri anandinyamula m'zigongono, mapazi osagunda pansi, jekete la maukwati litakwera mpaka m'makutu. Chipewa chinatsala m'bwalo. Anthu onse aja akuomba m'manja ngati mkwati akutuluka.

Masewera otsalawo ndinawamvera panja, nditakhala pa kalavati pafupi ndi mayi wina wootcha chimanga.

"Kodi amene amasokosa m'katimo ndinu, agogo?"

"Otchani chimanga chanu, mayi."

Mkati mukaphulika phokoso ndinkadzuka, osadziwa ngati ndi lathu kapena la adani. Pomaliza wezulo inalira motalika, ndipo amene anatuluka akuvina sanali athu. Tinagonja ndi mapointi awiri. Awiri enieni. Sindinapite patali kusukulu, koma samu imeneyo sinandivute.

Bwana uja anamupeza Fatsani poimika magalimoto, ine ndili poteropo.

"Fatsani, ine ndinalemba kochi mmodzi. Sindinalembe mbumba yonse ya kwa Nsaru. Ukakhala pabenchi paja umvere mpira kapena amalume ako? Lolemba udzatenge kalata yako."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuyankhe, koma Fatsani anandigwira mkono. Anali atanditolera chipewa. Anandinyamulira chikwama mpaka kudepoti, anandipezera mpando wa kutsogolo mu minibasi, n'kunena kuti, "Mukafike bwino, amalume." Basi. Akanandilalatira bwenzi ndili ndi poyankhira. Mpaka lero mawu atatu amenewo amandikhala pakhosi ngati munga wa usipa.

Kanema wa pafoni anafika kwa Nsaru ine ndisanafike. Wina anajambula zonse, kuyambira ndodo mpaka zigongono. Ndikutsika minibasi ndinangoona anyamata a kabaza onse apanga T ndi manja. Pachigayo T. Pamsika ndikangoti ndinenerere mtengo wa tomato, wogulitsa T. Za chingwe chija palibe anajambula.

Nambewe anandipeza ndikukonza khola.

"Alongo, ndinakutumani chiyani?"

"Mlongo, woyimbira uja..."

"Ndinati mukamulimbitse mtima. Mwana wandiuza kuti kumpira kwawoko munthu amamuwerengera zolakwa. Nanenso ndakhala ndikuwerenga. Pamaliro a amayi munakangana ndi abusa kumanda, imodzi. Ukwati wa Esinati wathu uja munauthetsa ndi pakamwa panupo, ziwiri. Ya malire a munda ija, zitatu. Ya mbuzi ya achimwene a bambo ake a Fatsani, zinayi. Iyi ndi yachisanu. Akuti zikakwana zisanu munthu amakakhala pansi osabwereranso, eti?"

Ya mbuzi ija sindinalakwe ine, koma sinali nthawi yake yoti ndinene.

Chinkhoswe chinachedwa miyezi isanu, chifukwa a ku Njewa anayamba kufunsa kuti mkamwini wopanda ntchito adzadyetsa chiyani mwana wawo. Mwamwayi Fatsani anapeza malo pa sukulu ina ku Namitete, kuphunzitsa tiana kuthamanga ndi kudumpha. Munthu amene ankalamula amuna a ndevu lero akupukuta mamina a ana a eni. Sadandaula, ndipo kusadandaulako n'kumene kumandipweteka.

Tsiku la chinkhoswe, nkhoswe anali mng'ono wanga Yosefe wa ku Mpingu, munthu woti akamalankhula umachita kuweramira kuti umve. Ine anandisonyeza benchi ya kumbuyo, pafupi ndi potsukira mbale. Ndinakhala. Ndinadziuza kuti lero ndisonyeza anthuwa kuti mkulu amaphunzira. Ndinapirira nyimbo, ndinapirira malonje a Yosefe amene sanamveke ngakhale mzere wachiwiri. Koma itafika nthawi yosinthana nkhuku, ndinaona Yosefe wagwira tambala wa mbumba yathu mutu uli pansi, ngati akupita naye kumsika. Ndinangozindikira ndaimirira.

"Yosefe! Tambala sagwira choncho!"

Anthu onse anatembenuka. Kutsogolo kuja Nambewe anadzuka pang'onopang'ono, anakonza chitenje chake, n'kukweza manja awiri pamaso pa a ku Njewa onse. T.

Ndinakhala pansi.

Ndiye mukandifunsa lero kuti timu yogonja amaikonza bwanji, ndikuuzani zimene ndikudziwa. Pezani awiri amene sakulankhulana, muwamange chingwe chimodzi. Mukatero nyamulani chingwe chanucho, mukwere minibasi, muzipita kwanu tsiku lomwelo, ngakhale akuitaneni ndi dzina lokoma bwanji. Ng'ombe siiwerengeredwa mafaulo, koma anthu amawerengeredwa, ndipo amene amawerenga kwambiri ndi achibale.

Koma kamnyamata kaja kanagwa kokha. Ndinakaona ndi maso angawa.