Fupa la Venakyula

Usiku wapitawu, anzanga, ndalota zinthu zoti mpaka pano mutu ukungozungulira. Musandiyankhe ayi, ingogwedezani mitu uku mukuchapa, chifukwa mukangotulutsa liwu limodzi la Chichewa mundipatsa ntchito yokuvekani fupali. Ine ndiye ndiyankhula mmene ndifunira, poti lili kale pakhosi panga.

Lamulo mukulidziwa. Wogwidwa akuyankhula Chichewa pasukulu pano, chija a Gwedeza aphunzitsi athu a Chingerezi amati venakyula, amavala fupa la ng'ombe ili mpaka naye atagwira mnzake. Amene asembule ya Lachisanu yamupeza nalo, ngati si koyamba, amamuitanitsa kholo. Ine si koyamba, ndipo Lachisanu lake ndi lero. Ndinagona ndikuona abambo anga atasiya ntchito yawo ya kabaza ku Mponela, ataima mu ofesi chipewa chili kumanja, akukalipiridwa m'chiyankhulo chimene sachimva. Ndinagonanso ndikudziwa kuti sabata yonseyi munthu amene ndamumva akuyankhula Chichewa ndi mmodzi yekha: Zione, mnzanga wa bedi lapamwamba, kuseri kwa khitchini, akuitana amayi ake amene anakawaika m'manda sabata yatha. Zimenezi zithere pamjigo pompano.

Ndiye ndalota ndili m'kalasi dzuwa lili paliwombo, koma kalasi yake yopanda denga, bolodi likungotafuna choko ngati mwana akudya chinangwa chouma. Mwadzidzidzi fupa lija linatsokomola.

"Iwe Mtisunge," linatero ndi mawu a nkhalamba, "khosi lakoli landikwana. Mafupa okhaokha, tikungogundana. Kandipereke kwa wina wonenepako."

"Mwayankhula venakyula," ndinatero ine. "Dzivaleni nokha."

"Ndilibe khosi, mwanawe. Khosi langa anadya a Fomu 4 kalekale. Komanso ine ndinali ng'ombe ya ku Chikwawa, kusukulu sindinapondeko. Ntchitoyi anangondipatsa popanda ndi intaviyu yomwe. Fulumira, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Ndiye ndinayamba kusaka. Madesiki onse ankanong'onezana Chichewa, akudandaula za msana ndi za ana olemba mayina awo ndi kampasi, koma desiki ungaikoleke pati? Ndinathamangira kulaibulale, ndiye ndinapeza a Dikishonale atakhala pakhonde, onenepa, miyendo ataiviika m'beseni la madzi ofunda, akupuma wefuwefu.

"Mayo msana wanga ine," ankatero.

"Akuluakulu, inunso Chichewa?"

"Nanga ndizipumira chiyani? Tsiku lonse ndimasenza mawu a eni ake, ena aatali ngati njanji. Ndikaweruka ndimafuna kudandaula m'chiyankhulo choti ululuwo undimve. Taona kuno."

Anatsegula mimba yawo, ndipo pakati panali phanga.

"Masamba anga onse a M anatha. Ana amang'amba kukakulungira zitumbuwa pageti. Dzana mwana wina wa Fomu 1 anameza liwu lathunthu pamodzi ndi chitumbuwa, mpaka lero akungogeya Chingerezi chimene mwini wake sakuchimva."

Ndinawazungulira ndi chingwe cha fupa lija, koma nawonso chikuto chokhachokha, khosi analibe.

Mwadzidzidzi belu linalira, ndiye ndapezeka ndili m'kalasi muja a Gwedeza akulowa. Fumbi la choko lija limakhala pajekete lawo linasanduka madonthomadontho, khosi linatalika, mpaka patsogolo pathu panaima nkhanga yovala tayi ndi magalasi. Palibe anadabwa. Inalumphira patebulo n'kuyamba kugawa mapepala ndi mlomo, nkhani yoti tiwerenge ndi mafunso ake pansi. Itafika padesiki yanga inayang'ana fupa lija, n'kuusa moyo.

"Likulemera eti, mwana wanga?" inatero motsitsa, m'Chichewa chenicheni.

Khosi ndi ilo, lalitali, lokwana mafupa a ng'ombe yonse! Ndinakweza chingwe, koma nkhangayo inapatula nthenga zake n'kundionetsa mzere wakuda wozungulira khosi lonse.

"Linandidya kale ine, sekondale yonse. Ukuganiza kuti nthenga za apa zinathothoka ndi chiyani? Sindikudani, ana inu, ndimachita mantha. Ukhoze masamu ngati makina, ukhoze sayansi, koma ukagwa Chingerezi satifiketi kulibe. Ndaona ana anzeru ambiri akubwerera kumudzi chimanjamanja chifukwa cha phunziro langali. Njira ina ndikanaidziwa, fupali ndikanaponyera agalu."

Ndinatsitsa manja. Chisoni chinandigwira, anzanga, chisoni chomvera nkhanga yovala tayi.

Ndiye ndinaweramira pepala lija kuti ndiwerenge, mwadzidzidzi mizere inatseguka ngati zenera, ine n'kugweramo chamutu. Ndinatera m'dziko lozizira, kumwamba kukugwa zoyera ngati ufa, ndipo pasiteshoni panaima mzungu wa chipewa chachitali atagwira ambulera, akudikira sitima.

"Mtsikana," anatero m'Chingerezi, "ndakhala pano chiyambire pamene anasindikiza nkhaniyi. Chaka ndi chaka ana amabwera, kundiwerenga, kulemba mzere pansi pa mapazi anga, n'kumafunsana chifukwa chimene ndili wokhumudwa. Palibe anandibweretserapo ngakhale tiyi."

"Nanga n'chifukwa chiyani muli wokhumudwa?"

"Yankho lili m'ndime yachiwiri, koma ineyo sindiloledwa kupitako."

Ndinamutchera khutu kuti mwina aphonya penapake, poti khosi anali nalo labwinobwino, koma munthuyo ngakhale kutsokomola ankatsokomola m'Chingerezi. Ndiye kumapeto kwa ndime kunatulukira mafunso aja, agalu a michira yopindika ngati mbedza, malovu ali chuchuchu.

"Fotokoza m'mawu akoako! Fotokoza m'mawu akoako!" ankauwa motero.

"Mawu angaanga ndi oletsedwa!" ndinakuwa ine, liwiro lili m'miyendo.

Mwadzidzidzi ndinamva belu la njinga, ndiye ndikuona abambo anga ali pakabaza wawo, thukuta lili kamukamu m'dziko lozizira lomwelo.

"Kwera, mayi! Gwira zolimba."

Msewu wake unali chiganizo chachitali chokhala ndi mipata ija timadzazamo mawu, ndipo mpata uliwonse unali dzenje. M'thumba la siketi yanga munali mawu onse amene ndaloweza temu ino. Ndikaponya loyenera, linkasanduka mlatho, ife n'kuwoloka. Ndikaponya lolakwika, dzenje linkalilavula n'kunditsonya. Abambo ankangopalasa, akuseka ngati mwana.

"Ponya lina, mayi! Ine zimenezi sindizidziwa, koma miyendo ndili nayo. Iwe uziponya, ine ndizipalasa, tikafika basi."

Ndiye tinafika parodibuloko, wapolisi akutiimika ndi dzanja, koma dzanjalo linamera nthenga, ndipo tisanatsike n'komwe anali atasanduka khwangwala wa chifuwa choyera. Anapisa mlomo m'thumba mwanga n'kuyamba kutulutsa mawu limodzilimodzi.

"Awa ndi mayina, adutse. Awa ndi afotokozi, amangokometsera anzawo, alibe mlandu. Koma aneni awa ndimawadziwa, samvera malamulo. Lero avala zina, ukawafunsa za dzulo asintha nkhope yonse. Agona m'chitolokosi." Kenaka anatembenukira kwa abambo n'kuwafunsa m'Chingerezi kumene tikupita.

"Yesi bwana," anatero abambo, akuvula chipewa.

Anawafunsa dzina.

"Yesi bwana."

Khwangwala anaseka mpaka chisoti kugwa. Ine mtima unandipweteka zedi, ndinalakalaka nditamuthothola nthenga zonse.

Mwadzidzidzi msewu unapindika ngati mphasa, ndiye tili pa asembule sukulu yonse itaima m'mizere. Ahedi anatuluka mu ofesi, khomo likuwachepera, ndipo pofika pamasitepe anali mvuu yovala gauni. Mapulifekiti anasanduka agulo, atakakamira pakhoma, akungogwedeza mitu pa chilichonse. Abambo anawaimika pafupi ndi mtengo wa mbendera. Mvuu ikatulutsa liwu limodzi la Chingerezi, iwo ankachepa pang'ono, ikatulutsa lina ankachepanso, mpaka anatsala ngati botolo la fanta, chipewa chili kumanja.

"Mtsikana wa fupa," inatero mvuu, "nena amene wamumva, bambo akowa abwerere mumsinkhu wawo."

Ndinafumbata fupa lija pachifuwa. Koma mizere inapatuka yokha, ndipo pakati pa bwalo panali Zione atakhala pamphasa, atafunda chitenje cha amayi ake, akulira monga ndinamumvera kuseri kwa khitchini.

"Mayo, amayi anga ine! Mwandisiyira yani?"

"Kulira sitiletsa," inatero mvuu, ikukanda khutu ndi rula. "Pano ndife anthu achifundo. Koma alire m'Chingerezi. Itanani a Dikishonale!"

Anabwera nawo pawilibala. Agulo anatsegula uku, anatsegula uku, koma a Dikishonale anangopukusa chikuto.

"Musandivutitse. Ndili ndi mawu otanthauza chisoni okwana kudzaza thumba, koma amenewo ndi ofotokozera kulira kwa munthu wina pamayeso. Olirira mayi ako amakupatsa ndi mayi ako omwewo."

Nkhanga ija inayesetsabe. Inatola mawu abwinoabwino n'kumamupatsa Zione limodzilimodzi. Iye, poti ndi mwana womvera, ankawalandira ndi manja awiri n'kuwaika m'kamwa, koma liwu lililonse linkagwa pansi n'kusweka ngati mbale yadothi. Atatha onse anabwerera pa "mayo" pake pomwe paja. Nkhanga inatembenuka kuloza kukhoma n'kuyamba kupukuta magalasi ndi phiko.

Ndiye fupa lija linayamba kulemera. Linamera mnofu, linamera chikopa, miyendo, nyanga, mpaka pakhosi panga panalendewera ng'ombe yathunthu ikundipumira m'khutu.

"Wamumva ndi makutu ako, sukulu yonse yamumva. Ukudikiranso chiyani? Taona bambo ako."

Ndinawayang'ana. Anali atatsala ngati chala, ataima pafupi ndi nsapato ya gulo. Anakweza kamawu kawo.

"Usadandaule za ine, mayi. Kuima pamaso pa mabwana ndinazolowera."

Mawu amenewo ndi amene anandipha. Ndinati ayi, abambo anga sangathere pansi ine ndikuona. Ndinakwakwaza ng'ombe ija mpaka pamphasa. Zione analeka kulira, anandiyang'ana, kenaka anatsitsa chitenje n'kuweramitsa mutu, kundipatsa khosi. Kakhosi kake kowonda, anzanga, kokhala ndi timizere ta misozi youma. Ndinavula chingwe, ndinachikweza ndi manja onse awiri, agulo akugwedeza mitu, mvuu itayasama.

Ndiye kukamwa kwanga kunatseguka kokha.

"Mayo! Mayo amayi ake a Zione!"

Ndinakhala pansi pamphasa pomwepo, chingwe chinagweranso pakhosi panga, ndipo tinalira awiri. Paja maliro n'kulirana. Madesiki anatuluka m'makalasi akulira, bolodi linalavula choko n'kuyamba nyimbo ya maliro, mzungu uja anatulukira ndi ambulera yake n'kuvula chipewa, ngakhale agalu a mafunso anagona pansi michira itawongoka. Mvuu inkamenya tebulo kuti tikhale chete, ngwe! ngwe! ngwe! Koma tebulo lake linkalira ngati chitsulo, ngwe! ngwe!

Ndinatsegula maso. Inali ndowa ikugunda chitsulo cha bedi langa, kunja kutayera kale. Zione anali ataima pamenepo, atanditungira madzi osamba. Anaika ndowa pansi, anandiyang'ana m'maso, ndipo anayankhula mokweza, osanong'ona, Chichewa chosabisa.

"Mtisunge, dzuka. Ndikuyankhula Chichewa, wandimva? Ndipatse fupalo. Ine angandiitanitse kholo liti?"

Ndinagwira fupa lomweli n'kuyamba kumenya ndowa ija.

"Phokoso, Zione! Sindikumva kanthu!"

Anabwereza, ine n'kuwonjeza kumenya. Anabwerezanso misozi ili m'masaya, ine n'kumenyabe, ngwe! ngwe! ngwe! mpaka hositelo yonse inadzuka ikutitukwana m'Chingerezi.