Kuthokoza Bwana Amene Makina Awo Anaona Phiri Lobiriwira

Kwa Bwana Mkulu wa Ofesi Yomva Madandaulo a za Migodi m'Chigawo Chathu,

Olemekezeka Bwana,

Ndagwada. Ndine Felisa Tabujara wa ku Lumangbato, mudzi uli kunsi kwa phiri limene kampani ina imaswako miyala ndi chilolezo cha ofesi yanu. Ntchito yanga ndi yonyozeka. Anthu amandibweretsera zithunzi za ukwati kapena za womwalira, ine n'kuzilumikiza kuti zikhale kanema woonetsa pa phwando kapena pa maliro. Ndalemba kuti ndikuthokozeni, poti kwathu kuno sindikuona wina amene wakumbukira kutero.

Mwina nkhope zathu munaziiwala, ndiye ndikukumbutseni. Manong Eleuterio Gepulango (paja kuno abambo timawatchula Manong, amayi Manang), mlimi wa nzimbe amene nyumba yake inali yomalizira kumtunda, anaona mng'alu paphiripo chaka chatha. Anayamba kuujambula ndi foni m'mawa uliwonse ataima pakhonde pomwepo. Akazi awo, Manang Prescila, ankawaseka kuti, "Ine simunandijambulepo chonchi chikwatirane. Bwanji osangolikwatira phirilo?" Chithunzi chimodzi sichinkanena kanthu. Koma nditaziika zonse motsatana kuti zizithamanga, mng'alu uja unkaoneka ukuyasama pang'onopang'ono, mitengo ya m'mphepete mwake ikupendekera kumudzi. Amene anaonera pa kompyuta yanga anati tikakuonetseni. Kanemayo tinamuika pa fulashi, tinakwera basi, tinabwera kwa inu. Zothokoza zanga ziyambira pamenepo.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa masamu. Makina anu oonetsera akanema anakana kutsegula kanema wathu. Kalaliki wanu anadina kawiri, n'kundiuza kuti, "Mulibe kanthu umu, Manang. Wotsatira!" Nditabwerera kwathu ndinafunsafunsa, mpaka ndinamva kuti makina akale ena amafuna kuti mulifupi mwa chithunzi mukhale nambala yogawika pawiri. Zithunzi zathu ndinazidula m'mbali kuti phiri lioneke bwino, ndiye zinapitirira ndi kadontho kamodzi. Kadontho, Bwana. Ndisanabwere kwa inu sindinkadziwa kuti mudzi wonse ungabwezedwe pakhomo chifukwa cha kanthu kochepa kuposa njere ya mpunga.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha maso anu akuthwa. Ulendo wachiwiri kanema anatseguka, inu mwini mulipo, mutakhala pansi pa chopemerera mphepo. Koma makina anu sanamvetse kasungidwe ka mitundu m'kanemamo, ndiye anapaka zonse utoto wobiriwira: thambo, miyala, dothi lofiira lija, ngakhale galu wa a Gepulango. Manong Eleuterio anaimirira chipewa chili m'manja, nati, "Bwana, kwathu kulibe galu wobiriwira. Onani pa foni yangayi." Munayankha mwaulemu kuti ofesi imalandira umboni woonetsedwa pa makina a ofesi okha. Kenako munalemba m'lipoti lanu kuti kanema wa odandaula eni ake wasonyeza phiri lobiriwira ndi zomera. Ndani angakutsutseni? Munalemba zimene munaona.

Tsiku lomwelo a kampani anaonetsa kanema wawo wa mbalame, mathithi ndi ana akubzala mitengo. Anaonetsera pa kompyuta imene anabwera nayo okha. Ndikhulupirira kuti lamulo lija linali litatuluka kukadya nkhomaliro.

Chachitatu, zikomo posandutsa mudzi wathu sukulu. Ndinakonzanso kanema uja m'kasungidwe kakale kamene makina alionse amamva, ndipo ulendo uno ndinalumbira kuti sindichitanso manyazi. Tinamuyesa pa TV ya kutchalitchi. Tinamuyesa pa makina oimbira nyimbo a pa golosale ya Manang Dolor, zidakwa zikukuwa kuti tiwabwezere nyimbo yawo, mpaka zitaona mng'alu uja zinaika matambula pansi. Tinamuyesa pa ka TV ka m'basi yopita kutauni, ndi pa foni yakale ya mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, yomangidwa ndi mphira. Paliponse phiri linali lofiira, likung'ambika. Titafika kwa inu kachitatu, mlonda anatiuza pageti kuti nkhani yathu inatsekedwa, poti lipoti munalisaina kale. Fulashi ija sinalowe n'komwe m'makina anu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinakhoza mayeso.

Phiri silinawerenge lipoti lanu. Mvula ya chimphepo itagwa, linatsika Lamulungu m'mawa, ambiri a ife tili ku Misa. Manang Prescila anatsala pakhomo chifukwa bondo linkawapweteka. Tinawapeza Lachiwiri, tikukumba ndi mafosholo ndi manja.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mawu anu pa wailesi, oti ofesi yanu sinalandirepo umboni uliwonse wa ngoziyi. Ndi zoona, Bwana. Tinkangobwera nawo, inu simunaulandire. Zikomonso chifukwa cha matumba a mpunga ndi zitini za nsomba zimene munatitumizira kusukulu kumene tikugona. Chithunzi chanu chosindikizidwa pa thumba lililonse chikuoneka bwino kwambiri. Mano oyera, malaya oyera, palibe pobiriwira ngakhale pamodzi. Amene amakukonzerani zithunzi amaidziwa ntchito kuposa ine.

Tsopano pempho langa, ngati munthu ngati ine angapemphe. Tamva kuti boma likugulirani makina atsopano. Akalewo musawataye. Atumizeni kuno kwa Manong Eleuterio. Mkuluyu anasiya kudya, amangokhala pabenchi kunja kwa kalasi. Akuti akangotseka maso zithunzi zake zija zimayamba kuthamanga zokha, kuyambira choyamba mpaka chomaliza, mitundu yonse ili m'malo mwake, ndipo alibe podina kuti ziime. Ine ndalephera kumuthandiza, poti ndimangodziwa kuchititsa zithunzi kuti zioneke. Inu muli ndi chipangizo chimene munthu amachiyang'ana, osaona kanthu, n'kupita kwawo mtima uli m'malo. Mwachigwiritsa ntchito mokwanira, Bwana. Mubwerekeniko mnzanu.

Ine wanu wogonjera, wosayenera kuponda pakhonde la ofesi yanu,

Felisa Tabujara
Wolumikiza zithunzi za maukwati ndi maliro,
Lumangbato, mbali imene yatsala