A Chiukepo, Mzungu wa Kumsana Kokha

Inu, kokani mipando mufike chifupi, nkhani iyi siyofunika kukuwa. Mwiniwake amamwera pompano pa Hurlingham, ndipo akangolowa ine ndisintha n'kuyamba za mpira. Mukuwadziwa a Chiukepo Gondwe, aja a ku ofesi kwathu okonza misonkhano, amene amavala tayi ngakhale popita kukagula makala? Eya, omwewo. Munthu uja analamulirapo Nairobi. Musaseke! Anamulamulira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ine Davide ndinali boma lawo lonse: womasulira, msilikali, komanso bulu.

Zinayamba chonchi. Kagulu kena kopanga mafilimu kanalengeza kuti kakufuna anthu odzadzitsa khamu m'filimu yosonyeza mmene Nairobi anayambira, nthawi ija kuno kunali dambo, achule, njanji yongofika kumene ndi timasitolo ta malata. Anamanga katauni kabodza ka mitengo, udzu ndi makatoni kuthengo la ku Athi River, kuseri kwa mafakitale. A Chiukepo atamva anati, "Davide, nkhope ngati yangayi siyoti ikalambire mu ofesi. Loweruka tinyamuke."

Titafika tinapeza chipwirikiti. Mzungu woyenera kusewera ngati bwana wolamulira tauniyo anali atadya mutura dzulo lake, matumbo ootcha aja a m'mbali mwa msewu, moti boma lake anali atalisamutsira kuchimbudzi. Mkulu wa filimuyo, mayi wa konkuno dzina lake Benedicta, anatindandalitsa pamzere, n'kuloza a Chiukepo.

"Inu, msinkhu wanu ndi wofanana ndi wake. Muvala zovala zake. Koma kamera izikuonani kumsana kokha. Osacheuka, osayankhula."

Anawaveka yunifomu yoyera mbee, magolovesi, nsapato zofika m'mawondo, ndi chipewa cholimba chija chokhala ngati beseni, chokhala ndi kansalu kobisa khosi. M'manja anawapatsa kandodo. Abale anga, ndinaona ndi maso angawa munthu akusintha! Mphuno inayamba kuloza kumwamba yokha.

"Kodi bwana ameneyu ntchito yake inali yotani?" anafunsa.

"Zonse," anatero Benedicta. "Iwo aja pofika kuno anali anyamata ochepa, ena ndevu zisanamere bwino. Munthu mmodzi yemweyo kulemba misewu, kugawa malo a masitolo, kunena wogulitsa apa ndi wosafunika apa, kuweruza milandu ya anthu amene chiyankhulo chawo sakuchimva. Makoswe atabweretsa mliri, mankhwala ake kunali kutentha msika. Zimenezo tijambula madzulo, titentha kasitolo kamodzi ka kumapeto uko."

"Munthu mmodzi zonsezo?" a Chiukepo anameza malovu. "Popanda komiti?"

"Popanda womufunsa."

Akuluakulu anati, kaya anatidi kaya ayi, nyani ukamuveka chipewa amayamba kufunsa anyani anzake ziphaso.

Ine ndinapatsidwa kabudula wong'ambika ndi kangolo ka mateyala awiri, kaja bwana amakhala m'mwamba munthu n'kumakoka. Ndinati, "A Chiukepo, ine ndili ndi madigiri awiri." Iwo anati, "Ndiye ukoka mwanzeru."

Tinakoka. Kudutsa pamasitolo, kubwerera, kudutsanso, Benedicta akukuwa kuti bwana asacheuke, bwana akucheukabe kuti kamera iwaone mano. Dothi la kumeneko mukulidziwa, lakuda, lomata ngati phula. Thukuta linandilowa m'maso, ndiye ndinangoti ndipukute. Manja onse awiri. Inu, sindinadziwe kuti kangolo kaja ukakasiya kamaima chiriri! Ndinangomva kumbuyo kuti phii, pocheuka ndikuona nsapato ziwiri zikupalasa kumwamba. Boma lagwa.

Titawadzutsa, chipewa chinali chitalowa mpaka kukhudza mphuno. Tinakoka atatu, chipewa kukana. Amangoona mapazi a anthu basi.

"Zisiyeni," anatero Benedicta. "Eni akewo ankalamuliranso anthu osawaona."

Masana a filimu onse anapita kukadya kutenti, kataliko ndithu. Ife odzadzitsa khamu anatiuza kuti tidikire. Apa ndi pamene zinthu zinasokonekera. Amayi amene amagulitsa zakudya pazipata za mafakitale anaona timasitolo tili mbuu, mthunzi waulere, ndiye anangolowamo ndi katundu wawo. Uyu chapati, uyu mandasi, uyu mazira owiritsa, uyu githeri, nyemba zosakaniza ndi chimanga zija. Antchito a m'mafakitale anatsatira fungo. Posakhalitsa tauni yabodza inasanduka msika weniweni, mpaka wina wa njinga yamoto anayamba kuitanira okwera pakhomo pa sitesheni ya makatoni.

A Chiukepo anapendeketsa mutu kuti aonere pansi pa chipewa.

"Davide, mapazi awa achuluka. Wawapatsa chilolezo ndani?"

"A Chiukepo, kamera yazima. Tsikani tigule mandasi."

"Boma silizima. Koka!"

Ndinakoka, poti munthu ndi bwana wanga ku ofesi Lolemba. Tinaima pakati pa msika, iwo n'kuimirira m'kangolo n'kuyamba Chizungu chija chotulukira m'mphuno. Mazira kummawa! Tiyi kumadzulo! Mbuzi zisadutse mzere uwu! Anthu poona yunifomu anaganiza kuti mwina ndi akhonsolo avala zatsopano, moti ena anayambadi kusuntha mabeseni. Wamazira anasuntha, wanyemba anasuntha. Ine mpaka ndinachita mantha, kuti kodi zimayamba mophweka chonchi?

Koma pakhonde la positi ofesi yabodza panakhala mayi wina wathupi, wogulitsa tiyi, anzake akumutchula kuti Rosina. Iyeyo ndi gulu lake sanagwedezeke. Bwana anayankhula Chizungu, iwo phee. Anawonjezera china, iwo kumangotembenuza chapati. Chizungu chitawathera anagwera m'Chichewa.

"Chokani! Ndati chokani!"

Amayi aja anayang'anana, nkhope zawo n'kufewa.

"Ndiyo, baba, tumechoka," anatero Rosina. "Tumechoka sana!" Anzake onse n'kuvomereza, wina mpaka kutambasula miyendo.

Inu amene mwangofika kumene, tamverani: kuno, m'Chiswahili, kuchoka ndi kutopa. Iwo anamva ngati bwana akuwamvera chisoni kuti atopa. Rosina anathira tiyi m'kapu n'kuwapatsa waulere.

"Aona Davide? Avomera, apereka ndi mphatso. Nanga bwanji sakunyamuka?"

"Mwina akudikira tsiku."

"Auze kuti akhale chete, ndiwauza chigamulo changa mmodzimmodzi. Uyambe ndi mayiyu."

Tsono Chiswahili changa mukuchidziwa, ndi cha m'matatu, maminibasi a kunowa, ndi chofunsira mitengo. Koma ndinaona kuti zinenero zathuzi ndi pachibale, ukangosintha kumutu mawu amayenda okha. Ndinakhosomola, n'kuloza Rosina, n'kunena mokweza kuti msika wonse umve:

"Mama, nyamaza! Bwana atakuuza!"

Msika unati zii. Ngakhale mafuta m'chiwaya anasiya kulira.

"Ataniuza?" anatero Rosina, akuimirira pang'onopang'ono.

"Eya," ine ndikumwetulira, "wewe kwanza, kenako onsewa. Mmoja mmoja."

Abale, ndani akanandiuza kuti kuno kuuza ndi kugulitsa? Ndinali nditalengeza pamaso pa anthu kuti munthu wovala zachitsamunda uyu agulitsa mayiyo, kenako enawo mmodzimmodzi!

Dzira loyamba linamenya chipewa kuti gwa. Lachiwiri linandipeza ine pakhutu. Rosina ananyamula chipande chachitali chovundulira tiyi, kumbuyo kwake amayi a chapati ndi mipini yawo yokandira ufa, kumbuyo kwawo antchito a m'mafakitale amene samadziwa nkhani koma anali ndi nthawi.

"Davide, chikuchitika n'chiyani? Ndikuona mapazi akuthamanga!"

"Anthu aukira boma!"

"Koka!"

Sindinathamangepo choncho chibadwire. Kangolo kakudumpha, bwana agwira ndi dzanja limodzi, dzanja linalo akweza kandodo m'mwamba n'kumakagwedeza, akukuwa kuti mtendere, mtendere. Tinalunjika kumapeto kwa tauni.

Kumapeto kumeneko, kuseri kwa kasitolo koyenera kupsa kaja, kunali bambo wina amene anamukhazika kuyambira m'mawa ndi chigubu cha petulo ndi machesi. Anali atamuuza chinthu chimodzi chokha: ukadzaona bwana akubwera pangolo, khamu lili pambuyo, iye atakweza ndodo m'mwamba, yatsa. Bamboyo anasuzumira. Bwana uyo, ngolo iyo, khamu ilo, ndodo iyo. Anati ntchito yafika.

Mphepo ya ku Athi River simaseweretsa. Moto unadumpha kuchoka pakasitolo kupita ku banki, ku banki kupita ku positi, ku positi kupita ku sitesheni. Makatoni ndi udzu! Amayi anatisiya n'kuthamangira ziwaya zawo, ndipo Mulungu ndi wabwino, palibe anapsa, kupatula mazira amene anaphikidwa kachiwiri. A filimu anatulukira akuthamanga, nyama ili kukamwa, kamera zili m'mabokosi. Benedicta anangokhala pansi m'dothi n'kugwira kumutu. Nairobi yense anatha ngati pepala.

"Kukutentha bwanji?" anafunsa a Chiukepo. "Davide, kodi kwachita dzuwa?"

Apolisi atafika, mkulu wawo, bambo wa imvi zake, anafunsa kuti walamula moto ndani. Zala zonse, ngakhale changa, zinaloza kumodzi. Wapolisiyo anawazungulira a Chiukepo, kuyang'ana nsapato, magolovesi, kandodo, n'kugogoda chipewa.

"Ndinu bwana wa tauni ino?"

Apa munthu wanzeru akanati ayi, ndine Gondwe wa ku Rumphi. Koma iwo anatulutsa chifuwa. "Ndine amene."

"Ndinu mwatentha msika?"

"Mwa njira ina."

"Kwerani galimoto. Agogo anga anamwalira akukufunani."

Zinali zoseketsa pamenepo, koma madzulo ake kuseka kunatha. Mlandu wotentha malo si wamasewera, ndipo mlendo akaupalamula, ntchito imatha, chiphaso chokhalira m'dziko chimatha, ana amachoka pasukulu. Ndinapita ku Embakasi kukauza akazi awo, a Magdalene. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Anandiuza kuti akupita kumaphunziro a utsogoleri."

Chinawapulumutsa ndi foni ya mnyamata wa njinga yamoto uja, amene anajambula zonse: ngolo, khamu lolusa zenizeni, moto, ndi bwana akuoneka kumsana kokha. Benedicta ataona anasiya kulira. Anati zoterezi sakanazikwanitsa ngakhale akanabwereka asilikali. Anakafotokoza kupolisi kuti moto unali wa m'filimu, unangofulumira. Rosina naye anakhululuka atamva kuti kwathu kuuza ndi kungouza, ngakhale anandilangiza kuti ndikafuna kukalamba ndiziyankhula ndi manja.

M'mawa mwake tinapita kukawatenga, a Magdalene atanyamula botolo la mafuta ophikira lovulira chipewa. Tinapeza wapolisi wa pakauntala maso ali gwa, ofiira.

"Mwabwerera mzungu wanu? Chonde mutengeni."

"Avutika?" anafunsa a Magdalene.

"Iyeyo? Wagawa selo m'zigawo. Akuba mafoni kummawa, oledzera kumadzulo, malo a pawindo ndi a boma. Wasankha wina kukhala nyakwawa. Wofuna kupita kundowa ayambe wapempha chilolezo."

Anatsekula chitseko. A Chiukepo anatuluka pang'onopang'ono, yunifomu yada ndi mwaye, chipewa chidakali pamphuno, n'kutembenuka kuti atsanzike anthu awo ndi mawu ochepa. Sanapatsidwe mpata. Chitseko chitangotsekedwa, m'katimo munaphulika chimwemwe, kuwomba m'manja, kumenya ndowa, amuna akuluakulu otsekeredwa akukuwa ndi mawu amodzi kuti ufulu wafika: "Uhuru! Uhuru!"

A Chiukepo anaima, anamvetsera, n'kundigwira paphewa.

"Wamva, Davide? Ndawasiya okonzeka kudzilamulira."