Bakayawo wa ku Porto

Lolemba

Mawa tikunyamuka! Ine ndi bambo a Tadala, ulendo wa ku Porto, m'dziko la Portugal. Chibwerereni ku Leeds sitinayendepo ulendo wongokasangalala. Si maliro, si ukwati, kungoyenda basi! Ndatuluka mu wodi lero ndikuyimba, mpaka wodwala wina wandifunsa ngati ndakwezedwa pantchito.

Koma pali ntchito yoti ndikagwire. Loweruka kuli phwando la Khirisimasi la amayi a kutchalitchi, ndipo dzulo pakamwa panandipereka. Mayi Gondwe, apampando athu, amagawa zophika: uyu mpunga, uyu nkhuku, ine mandasi ngati chaka chilichonse. Ndinaimirira n'kunena kuti chaka chino ayi, andisiyire tebulo lonse lathunthu, ndibweretsa Khirisimasi ya Chipwitikizi. Amayi anaomba m'manja. Mayi Gondwe anangoti, "Tidzaona nawo."

Adzaonadi!

Zokagula:
keke yawo ya Khirisimasi, yozungulira ngati nkhata
timakeke ta mazira tija aliyense amajambula
tchizi ya mkaka wa nkhosa
soseji yowamba
ndiwo yawo yaikulu ya pa Khirisimasi (dzina likundikanika kutchula, ndikaiona komweko)
nsapato zanga

Matikiti anagula bambo a Tadala, otchipa aja. Akuti aliyense kachikwama kamodzi kolowa pansi pa mpando. Palibe kanthu. Ndinasamutsapo nyumba yonse pa minibasi ine.

Lachiwiri

Tadala tamusiya kwa azakhali ake ku Rotherham. Tafika!

Mzinda wake ngokongola mochititsa nsanje. Magetsi a Khirisimasi alendewera msewu uliwonse, nyumba zomatidwa matailosi abuluu, mtengo wa Khirisimasi wautali kuposa tchalitchi chathu. Dzuwa likuwala mu Disembala! Koma zitunda, abale. Munthu ukapita kogula madzi umabwerako utalapa machimo onse.

Pangodya iliyonse pali wina akuwotcha mtedza wawo ukuluukulu pa mbaula, utsi uli tolotolo ngati pogulitsa chimanga chootcha. Kukoma kwake ngati mbatata.

Timakeke ta mazira tija ndatipeza! Totentha, kunja khirichikhirichi, mkati phalaphala. Ndagula bokosi lalikulu la kuphwando. Mayi wogulitsa, atamva kuti ndi za Loweruka, wagwira kumutu. Akuti timeneti timadyedwa tsiku lomwelo, tikagona timalefuka.

Bambo a Tadala amva bwino lomwe. "Ndiye tisawononge chakudya, amayi a Tada."

Bokosi latha tisanafike kuhotela. Inenso ndathandizako, sindikana. Ndigula tina tsiku lobwerera.

Lachitatu

Sindikukhulupirira!

Ndawerengera bambo wina dzina la ndiwo yaikulu ija, iye watilozera kasitolo kakale pafupi ndi msika. Ndisanalowe n'komwe, fungo landimenya. Ndikulidziwa fungo ili. Ndasuzumira mkati: nsomba zouma, zong'ambidwa pakati, zoyera ndi mchere, zosanjikiza mpaka kudenga.

Bakayawo!

Bakayawo yemweyu amene bambo anga ankagula kwa anthu a ku Mozambique kwathu ku Ntcheu, timadya mwezi ukafika pakati, ife ana tikunyinyirika. Kuno ndiye mfumu ya Khirisimasi! Azimayi ovala makhoti apamwamba ali pamzere, akumununkhiza, akumugogoda ndi chala ngati akusankha chivwende. Ngakhale dzina ndi lomwelo, iwo amangolimeza kumapeto.

Ndaseka mpaka misozi. Kenako misozi inayo yabwera yokha, chifukwa bambo anga akanakhala moyo ndikanawaimbira pomwepo.

Ndasankha wamkulu koposa onse, ngati chitseko cha khola. Wogulitsa amafuna amudule ndi chimpeni chake, ndakana. Amayi a kutchalitchi amuone wathunthu pa chithunzi kaye.

Bambo a Tadala: "Tauluka mtunda wonsewu kudzagula ndiwo ya pa ngongole?"

Sakudziwa kanthu. Tchizi ndagula, soseji ndagula, keke ndagula, yonyezimira zipatso zofiira ndi zobiriwira. Tebulo langa likuoneka kale m'maso mwanga!

Lachinayi

Bakayawo wagona nafe m'chipinda. Tadzuka tonse atatu tikununkha chimodzimodzi. Wokonza m'zipinda watsekula mawindo onse.

Tapita kumtsinje, pamene pali mlatho waukulu wachitsulo. Ndatenga keke kuti ndiijambule mlatho uli kumbuyo, nditumize pa gulu la amayi, Mayi Gondwe ayambe kusowa tulo. Ndaiika pa kakhoma. Ndabwerera m'mbuyo pang'ono kuti zonse zilowe.

Chimbalame choyera cha kunyanja, chachikulu ngati tambala wa Khirisimasi, chatera, chajompha, chapita! Chabwera chinzake. Ndazithamangitsa ndi ambulera ndikukuwa m'Chichewa, azungu akujambula.

Keke yatsala ngati mwezi wongooneka kumene. Bambo a Tadala akuti adule mbali yojomphedwayo kuti ilingane. Alinganiza. Alinganizanso mbali inayo. Panopa chatsala ndi bowo la pakati.

Tapita kukagula ina, tapeza mzere wafika kumsewu ndipo zonse n'zoodetseratu.

Nsapato ndazipeza, zofiirira, zofewa ngati buledi. Ndaziyesa, ndayenda nazo m'sitolo, ndaganiza za kachikwama, ndazivula. Ndazitsanzika mwaulemu.

Komabe madzulo takwera mpaka pamwamba pa mlatho, mzinda wonse ukuyaka pansi pathu, ndipo bambo a Tadala andigwira dzanja. Pagulu! Mkulu wa mpingo! Ndinayamba kuiwala kuti dzanja lawo ndi lofunda chonchi.

Tchizi ilipo. Soseji ilipo. Bakayawo alipo. Phwando likadalipo!

Lachisanu

Tachedwa kudzuka, sitolo ya timakeke taidutsa tili pa liwiro. Ndangoibayibitsa.

Pabwalo la ndege, mayi wina wa ku Hull amene tili naye pamzere waona soseji ikusuzumira m'chikwama changa. Akuti masiku ano nyama ndi za mkaka zochokera kuno siziloledwa kulowa ku Britain. Ndayang'ana pa foni. N'zoona!

Kutaya? Ine mwana wa ku Ntcheu?

Takhala pa benchi. Tchizi yonse ndi soseji yonse, popanda buledi, popanda tiyi. Tchizi yake ndi yamphamvu, imalankhula. Bambo a Tadala, kwa nthawi yoyamba sabata ino, anena kuti akhuta. Ndawauza kuti amalize, anayamba okha ntchito imeneyi Lachiwiri.

Bakayawo wakana kulowa m'chikwama. Ndamukulunga m'chitenje, ndamuika mu thireyi yopimira katundu. Wachitetezo wafunyulula, wayang'ana, wagwedeza mutu mwaulemu n'kukweza chala chachikulu. Munthu wodziwa zinthu!

M'ndege ndamubisa m'khoti, mchira ukundikanda kukhosi. Mnyamata amene anakhala pambali panga wapempha kusintha mpando.

Ku Leeds mvula, mdima, mphepo. Azakhali abwera ndi Tadala kudzatitenga pabwalo la ndege. Tadala watsekula chitseko cha galimoto, wanunkhiza, n'kuti, "Mum, no."

Kunyumba, bakayawo ndamudula ndi sowo ya bambo a Tadala, ndamuviika m'beseni. Mawa ndi tsiku langa!

Loweruka

Ndawerenga kaphikidwe m'mawa uno. Akuti aviikidwe masiku angapo, kusintha madzi pafupipafupi. Masiku! Bwanji wogulitsa uja sananene? Mwina ananena. Ine ndinkangovomera.

Ndaphika momwemo, Chipwitikizi chenicheni: mbatatesi, kabichi, mazira owiritsa, mafuta a olivi pamwamba. Kuoneka kwake bwino zedi.

Kuholo ndapeza andisungira tebulo lalitali, nsalu yoyera, pakhoma alembapo dzina langa ndi mawu akuti ZA KU PORTUGAL. Ndaika poto mmodzi pakati. Ndamusuntha pang'ono. Ndamubwezera pakati.

Anthu afola. Alawa. Kenako aliyense akufunafuna madzi. Abusa amwa makapu otsatizana asanathe kupempherera chakudya cha tebulo lachiwiri. Bambo wina wa ku Zambia akutsokomola n'kumati, "Ni yabwino, mayo, ni yabwino," misozi ili mbwembwembwe.

Ana akubwera mmodzimmodzi kudzafunsa kuti mandasi ali kuti.

Mayi Gondwe anyamula chidutswa ndi foloko, achitembenuza. "Kodi si bakayawo uyu? Wopanda ndi tomato yemwe? Mukanandiuza, asisi. Amagulitsa pa sitolo ya Mnaijeriya ija ku Harehills, basi imodzi kuchoka kwanu."

Ndayamba kufotokoza za chimbalame. Pofika pa ambulera amayi ali gonegone ndi phwete, wina wagwa pampando. Andibwerezetsa nkhaniyo patebulo lililonse. Chakudya chokha ndiye palibe wabwereza.

Lamulungu

Kutchalitchi aliyense akundipatsa moni akumwetulira kwambiri. Mwana wina wanditchula kuti Anti Bakayawo. Dzinali likhala, ndikulidziwa gulu langa.

Mayi Gondwe alengeza za phwando la chaka chatsopano. Asanafike pa dzina langa ndakweza dzanja ndekha: mandasi. Aomba m'manja kuposa sabata yatha.

Khoti ndalichapa kawiri, likadali momwemo. Mawa ndilowa nalo mu wodi, odwala apirire.

Theka la nsomba latsala. Tadala waletsa kuti lisalowe m'nyumba, ndiye ndalipachika mu shedi kuseri. Mphaka wa aneba wakhala pakhomo pa shediyo kuyambira m'mawa, mvula ikumukwapula, osasuntha. Mu Leeds monse muno, ndi yekhayo amene wamvetsa chimene ndinapitira ku Portugal.