Netiweki M'khola la Apongozi

Lolemba

Sabata yanga yafika! Apongozi, amayi ake a mkazi wanga, ali ndi loji kuno ku Area 25: zipinda zogona, holo ya misonkhano, khonde, ndi mtengo wamango pafupi ndi geti. Loweruka kukubwera a bungwe lina kudzachita maphunziro. Anena mosapsatira kuti m'holo mukapanda intaneti yolimba, sadzapondanso phazi.

Uthenga ukundipeza kudzera mwa mkazi wanga, amake Tadala, monga mwa masiku onse. Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, ndi ulemu wa kwathu umenewo. Tikakumana pakhonde, mmodzi wa ife amayamba kuyang'ana maluwa. Akuti apongozi anati, "Uwauze bambo a Tadala, poti anaphunzira za makompyuta, akonze zimenezi. Zikayenda bwino, makiyi a ofesi ndi awo."

Makiyi a ofesi! Chichotsedwereni ntchito ku Kanengo, ndine wothirira kapinga ndi woperekeza mwana kusukulu. Alamu anga amandipatsa moni ngati akupepesa maliro. Zimandiwawa, ngakhale ndimaseka nawo.

Zofunika kugula:
- osati karauta ka pabalaza, kamene kamakomoka anthu khumi akangolumikiza mafoni
- zipangizo za bizinesi, zomwaza netiweki kuchokera kudenga
- dzina la wayifayi limodzi ponseponse, kuti mlendo pochoka m'holo kupita kodyera asaduke
- netiweki ya alendo payokha, ya ofesi payokha
- batire, poti magetsi athu amabwera ngati mlendo
- malaya atsopano a manijala (izi pambuyo pake)

Lachiwiri

M'mawa ndikuzungulira loji yonse, foni m'mwamba, kuona momwe timizere ta netiweki tikuthawira. Lojiyi inamangidwa chipinda chimodzichimodzi, ndalama zikapezeka. Makoma ake ndi a njerwa zootcha, ena okhuthala ngati a ndende. Mlonda akunditsatira pambuyo, akuganiza kuti ndikusaka njoka.

Masana ndili m'tauni. Wogulitsa wandiyalira mitundu itatu:
- cha nyanga zinayi, chotchipa, cha m'nyumba
- cha panja, chachitali ngati chitsononkho, chosaopa mvula
- chozungulira choyera, chomata kudenga

Chozunguliracho iye akuchitcha akisesi poyinti. Ine ndikuchitcha mbale, poti ndi mbale basi, yongosowa ndiwo. Chimanyamula mafoni a holo yodzaza osatopa, ndipo magetsi chimalandirira m'chingwe chomwecho cha intaneti, osafuna soketi kudenga. Ndikufunsa mafunso anzeru mpaka wogulitsa akundipatsa mpando.

Ndatenga mbale zitatu: ya m'holo, ya mumpita wa zipinda, ya pakhonde. Mu minibasi ndazikumbatira ngati mapasa ndi mng'ono wawo. Kondakitala akufuna kuziika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Ndakana!

Tadala wanditcha kale “abwana”. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndikudziwa, koma lero ndisiyeni ndikondwe.

Lachitatu

Mbale zakwera kudenga. Zingwe ndazibisa bwinobwino, timagetsi tabuluu tikuphethira. M'holo timizere todzaza! Kodyera todzaza! Ngakhale kuchimbudzi cha kumapeto todzaza! Ndavina pang'ono, mlonda wandiona.

Apongozi abwera kudzayendera, ine ndabisala kuseri kwa chitseko cha khichini. Ayang'ana kudenga nthawi yaitali. Mafunso awo akufika kwa ine kudzera mwa amake Tadala.

Loyamba, bwanji sindinatenge cha nyanga? Chinthu chopanda nyanga chingakhale champhamvu bwanji?

Lachiwiri, zagulidwa ndalama zingati? Atamva, akhala pansi n'kupempha madzi.

Lachitatu, ndiye chuma chonsechi chizingolendewera poyera, wakuba aliyense n'kuthyola ngati papaya?

Apa ndiye ndadziwa kuti mbale zanga zikulowa m'khola. Pa loji pano chilichonse chamtengo chili m'khola. TV ili m'khola. Mpope wa panja uli ndi loko. Babu la pageti lili m'kakhola kake. Akuba anawabera apongozi kamodzi kalekale ku Chilinde, ndipo chiyambire pamenepo amakhulupirira Mulungu ndi zitsulo.

Ndikudzitonthoza: khola la mawaya otalikirana silingaphe netiweki yonse. Ndigona bwino.

Lachinayi

Si khola la mawaya. Ndi mabokosi!

Abwera a Mkandawire, owotcherera zitsulo a ku Kawale, mkulu wa mpingo, munthu wosadziwa kugwira ntchito mwachinyengo. Ndiye vuto lake limenelo. Akanakhala wakuba, akanagwiritsa lata lopyapyala. Iwo abweretsa chitsulo chopangira mageti. Bokosi lililonse lili ndi kachitseko ndi loko wamkulu ngati chibakera. Apaka penti wobiriwira, wofanana ndi makatani.

"Ichi, achimwene, ngakhale zidzukulu zanu zidzachipeza," akutero uku akusisita bokosi.

Ndathamangira kwa amake Tadala. Ndawauza momveka kuti akawauze amayi: chitsulo chimatsekereza netiweki, mabokosi achoke lero lomwe.

Apita. Ndikumvetsera pawindo. Ayamba ndi kufunsa za miyendo ya amayi. Kenako za ulendo wa ku chinkhoswe Loweruka. Kenako ndikumva, "Bambo a Tadala akuti mabokosi ndi okongola kwambiri, kungoti mwina tizipangizoto tizifuna kampweya."

Kampweya!

Apongozi ndi munthu womva. Alamula a Mkandawire aboole kawindo pa bokosi limodzi, la pakhonde, kuti aone kaye ngati mpweyawo ukufunikadi. Kawindoko kaloza kugeti.

Ndafunsa amake Tadala chifukwa chake asintha mawu anga. Akuti mawu anga analibe mchere.

Lachisanu

Zotsatira za kuyeza kwa lero:
- m'holo: palibe
- kodyera: palibe
- m'zipinda: kamzere kamodzi, ukaima pa bedi
- pansi pa mtengo wamango, pageti: todzaza, kuthamanga ngati galimoto ya ambulansi

Netiweki yonse ya loji ikutulukira pa kawindo kaja n'kukagwera pageti, ndendende pamene a kabaza amaimika njinga zawo.

Ndikudziuza kuti palibe vuto, pasiwedi sakuidziwa. Ndikutuluka panja, ndikupeza wolemba zikwangwani akutsuka burashi. Apongozi amutuma alembe pa mpanda, zilembo zazikulu zofiira: WAYIFAYI YAULERE KWA ALENDO ATHU. Pansi pake, kuti alendo asavutike kufunsa, pasiwedi.

Pofika masana pageti pali ngati pamsika. A kabaza akuonera mpira wa dzulo. Mayi wogulitsa mandasi wasamutsa beseni lake kuchoka kumsewu. Wina wachokera ku Mtsiliza ndi laputopu. Mmodzi wa a kabaza wandigwira chanza ndi manja awiri: "Bigi, mwatikumbukira ife amphawi. Mulungu akudalitseni."

Kasitomala wofuna njinga akudikira mpaka hafu taimu.

Ndatumanso uthenga kwa apongozi. Wabwerera uli wakuti iwonso akuthokoza, ndipo aona okha kuti chiikireni mabokosi palibe mbale yabedwa.

Malaya a manijala ndagula kale. Ali pa hang'ala, akundiyang'ana.

Loweruka

Apongozi anyamuka m'mamawa kupita ku chinkhoswe ku Chilinde. Makiyi a mabokosi ali pa mfundo ya chitenje chawo.

A bungwe afika, anthu odzaza holo, aliyense laputopu ndi mafoni awiri. Mtsogoleri wawo, mayi wa magalasi, akundifunsa dzina la wayifayi. Ndamuuza. Akufunsa kuti ili kuti. Ndaloza kumtengo wamango.

Ndaganiza zodula maloko ndi sowo. Ndaigwira ndithu m'manja. Kenako ndadziona ndikufotokozera ankhoswe chifukwa chimene mkamwini wathyolera maloko a apongozi ake iwo ali ku chinkhoswe. Sowo ndabweza.

Tasamutsa:
- mipando yonse
- tebulo la tiyi
- bolodi yolembapo, yomwe mphepo yagwetsa kawiri
- ulemu wanga

Maphunziro akuchitikira pageti. A kabaza asunthira pang'ono mwaulemu, koma sachoka. Bwana wa bungwe akuyankhula pa kanema kuchokera kunja kwa dziko, kumbuyo kukumveka mahutala ndi “mandasi otentha!” Bango lagwera pa laputopu ya msungichuma. Pa nthawi ya mafunso, wa kabaza wina wakweza dzanja, wafunsa funso labwino kuposa onse, ndipo amuombera m'manja n'kumupatsa chakumwa.

Potsanzika mayi wa magalasi akuseka mpaka kupukuta misozi. Akuti intaneti yotere sanaionepo mu Lilongwe muno, koma mwezi wamawa ndi wa mvula. Intanetiyo ikalowa m'holo, adzabweranso.

Amake Tadala amva zonse ali pakhonde, aona ndi nkhope yanga. Apongozi atangotsika pa galimoto, asanakhale n'komwe, mwana wawo wawauza mawu opanda mchere: "Amayi, mabokosi anuwo ndi amene akutsekera netiweki. Bambo a Tadala ananena kale Lachinayi, ine ndi amene ndinakometsa."

Ine ndayang'ana maluwa.

Lamlungu

Tabwera kutchalitchi. Ndikuthirira kapinga, poti sindikuona kuti ntchito imeneyi indichoka.

Apongozi atulukira pakhonde. Sakuyang'ana maluwa. Akuyang'ana ine! Chikwatirireni mwana wawo, aka n'koyamba.

"Bambo a Tadala, mwagwira ntchito. Tambasulani dzanja."

Ndagwada, ndatambasula manja awiri. Amasula mfundo ya chitenje.

Timakiyi titatu, ta maloko.

Mabokosi sachoka, akuti anawononga ndalama ndipo akuba sanasamuke. Koma kuyambira mawa ndizitsegula tizitseko m'mawa kuti netiweki ituluke, n'kutseka madzulo kuti igone. Ngati nkhuku. Za ofesi akuti tidzaona a bungwe akadzabweranso, ndipo pasiwedi ya pa mpanda isafufutidwe, poti a kabaza ayamba kugula tchipisi kukhichini kwathu.

Ndayesa kutsegula la m'holo. Timizere todzaza, mbale yanga ikuphethira ngati palibe chinachitika. Ndinasankha bwino, zimenezo palibe angandilande.

Zofunika mawa:
- makwerero
- kachingwe komangira makiyi

Malaya aja ndivala ndithu. Tadala wafunsa ngati tsopano ndine abwana. Ndamuuza kuti agwire makwerero.