Matope a ku Mathithi

Lolemba
Loweruka achinyamata a kutchalitchi kwathu ku Chelstone tikupita ku mathithi a mtsinje wa Chongwe! Basi ikatitsitsa, maola awiri wapansi m'thengo. Ine madzi ogwa ndimangodziwa a pampopi.
Zokonzeka: nsapato zoyera za pasalaula (kaunjika), botolo, chitenje, mapu amene atcheyamani atijambulira.
Chatsala: kupempha tsikulo kwa ba Madamu, kuno ku Kabulonga kumene ndimagwira ntchito ya m'nyumba.

Lachiwiri
Mawu ndawalemba pakapepala. Ndikuwabwereza m'minibasi njira yonse. Ndaima pakhomo pa chipinda cha ba Madamu, manja kumbuyo.
“Ni chani, mwana wanga?”
“Sopo watha.”
Sanathe n'komwe!

Lachitatu
Kapepala ndachapira limodzi ndi epuloni. Amayi anga akuti: “Wamkulu sapemphedwa mwachindunji. Yamba ndi nkhani, amva yekha.”

Lachinayi
Ndikusita, nkhani ndayamba. Madzi oyera ngati ufa, anyani m'mitengo, miyala yoterera, mphepo yozizira. Chibadwire sindinalankhulepo chonchi. Ba Madamu mpaka aika foni pansi.
“Iwe! Ni kuti kwamene uko?”
Ndawapatsa mapu anga. Amva!

Lachisanu
Amva ndithu.
“Mailo pa Loweruka tiyenda na bana ku mathithi yako. Zikomo maningi! Iwe usale na nyumba. Ulibe pulogilamu, ai?”
“Ndilibe.”
Pakamwa pangapa! Ndikuwawiritsira mazira, ndikuwadzazira mabotolo. Ndawakumbutsanso za miyala yoterera.

Loweruka
Ine, geti ndi galu.
Masana Tisa wa m'kwaya wanditumizira chithunzi: anzanga onse pamwala, madzi akugwa kumbuyo, ba Madamu pakati akumwetulira. Pansi walemba: “Nabauza kuti unali pa mndandanda wathu.”
Madzulo galimoto yalowa. Ba Madamu asanatsike n'komwe: “Nanga sunakambe chifukwa chani? Mumotoka munali malo!”
Ndangoyang'ana galu.

Lamulungu
Ndagona konkuno. Ndisanapite kutchalitchi, nsapato za anthu asanu zili m'beseni. Matope ofiira, onunkhira masamba owola. Ndiye kumanunkhira chonchi kumeneko!
Mu nsapato ya mwana wamng'ono mwatuluka kamwala kosalala. Ndakatsuka, ndakamanga pachitenje.
Zanga zikadali mbee m'pulasitiki.
Madzi a m'beseni ndakawathira pamasitepe a kuseri, pang'onopang'ono, ndili chiimire pamwamba. Agwa bwino ndithu.